Zilembo za Mtovu za a Makwinja

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, munthu wa ku Mzuzu akafuna makhadi oitanira anthu ku ukwati, mapepala a nyimbo za kwaya kapena mayeso a ana asukulu, ankapita kunyumba yosindikizira ya a Overtoun Chavula, kumunsi kwa msika. Pachikwangwani panali dzina la a Chavula, koma amene ankalowa mpaka m'kati ankadziwa kuti mtima wa malowo unali bambo wina wamfupi, wa mapewa otambalala, dzina lake Jailos Makwinja, mkulu wa osanja zilembo.

Nthawi imeneyo mawu sankafika papepala mwaulesi ayi. Chilembo chilichonse chinali kachidutswa ka mtovu, kena kochepa ngati njere ya mpunga, ndipo munthu ankatola kamodzikamodzi m'timabokosi n'kumasanja mozondoka, mpaka mzere utakwana, mpaka tsamba litadzaza. Kenaka tsambalo ankalimanga zolimba, kulipaka inki ndi kulidinda pamakina opukusa ndi manja. A Makwinja anaiphunzira ntchitoyi ali mnyamata, kumishoni ina kwawo ku Chiradzulu, ndipo anabwera nayo ku Mzuzu tauniyo idakali kamudzi kobisala m'nkhungu. Zala zawo zinada kalekale moti sopo anachita kuzigonjera. Akamatola zilembo sankayang'ana n'komwe. Dzanja linkangopita lokha ngati nkhuku yotola mapira.

Masiku amenewo chilembo chimodzi cholakwika pa dzina la munthu wamkulu wa chipani chinkatha kumutengera munthu kumalo kumene sankabwerako msanga. Choncho ntchito zonse zoopsa zinkadutsa m'manja mwa a Makwinja, ndipo sanaphonyepo. Antchito anzawo ankawaopa. Ngakhale a Chavula enieniwo ankatsitsa mawu polankhula nawo.

Koma nyumba iliyonse ili ndi pamene imadontha. A Makwinja sukulu sanapite nayo patali. Chichewa ankawerenga bwino, koma Chingerezi ankangochidziwa nkhope, monga mmene umadziwira munthu amene umakumana naye pamsewu tsiku ndi tsiku koma simunalankhulanepo. Ankatha kusanja tsamba lonse la Chingerezi popanda cholakwa, osamva ndi liwu limodzi lomwe la zimene asanjazo. Kasitomala akayamba kuwalankhula m'Chingerezi, iwo ankangoloza tebulo ndi chibwano n'kupitiriza ntchito, ndipo anthu ankati n'kunyada kwa mmisiri. Amene ankadziwa zoona zake anali akazi awo, mayi Alefa, amene ankakhala nawo ku Chiputula pamodzi ndi ana awo. Woyamba mwa anawo anali Lettie, mtsikana wa mutu wakuthwa amene aphunzitsi ankamulosera zazikulu.

Zinthu zinatembenuka chaka chimene Percy, mwana wa a Chavula, anabwerako ku Blantyre kumene ankaphunzira za malonda. Anawauza bambo ake kuti kumwera anthu asiya kutola mtovu, ndipo akapanda kusintha, ntchito zonse za kumpoto ziyamba kukwera basi kupita kwa ena. A Chavula poyamba anakana, kenaka anaganiza, kenaka anavomera. Tsiku lina kukuwaza mvula lole inaima pakhomo, anthu n'kutsitsa zinthu ziwiri zokutidwa ndi malona. China chinali makina osindikizira oyendera magetsi, amene ankameza mapepala okha n'kuwalavula atalembedwa kale. China chinali kompyuta, kabokosi ka galasi kokhala ndi mabatani a zilembo kutsogolo kwake.

A Chavula anasonkhanitsa antchito onse. "Sindikufuna kukunamizani," anatero. "Makinawa adya ntchito zina. Koma aberekanso zina, chifukwa sayenda okha monga akunenera anthu kumsikako. Ine sindithamangitsa munthu wofuna kuphunzira. Mphunzitsi wabwera kuchokera ku Blantyre ndipo akhala nafe kanthawi. Amene aphunzire, malo ake alipo."

M'mawa mwake mphunzitsiyo, mnyamata wa tayi yopyapyala, anaika mpando patsogolo pa kompyuta. Mwaulemu, onse anati ayambe ndi akuluakulu. A Makwinja anakhala pampandopo, antchito onse atawazungulira kumbuyo. Anayang'ana mabatani aja n'kupeza zilembo zawo zomwe zija, koma zitabalalika, A uku, B kutali uko, ngati anapiye oti kabawi wangodutsa kumene. Pagalasi panali mawu a Chingerezi. Mphunzitsi analankhula mofulumira, m'Chingerezinso, akuloza penapake. A Makwinja sanamve kanthu, koma kufunsa pamaso pa anthu amene ankawakalipira tsiku ndi tsiku kunali ngati kuvula malaya pakati pa msika. Anangosankha batani limodzi n'kulipanikiza ndi chala chawo chozolowera chitsulo. Chilembo chimodzi chinathamanga pagalasi ponse, mzere pa mzere ngati linthumbu, kabokosiko n'kuyamba kulira ngati kamwana ka mbuzi.

Wina anaseka. Anali a Ackim Gondwe, wopukusa makina akale aja, munthu wamkulu kuposa a Makwinja, amene ankaseka chilichonse ngakhale tsoka lawo lomwe. Ena anatsatira. Kunali kuseka kopanda njiru, ndipo pofika masana onse anali ataiwala. Koma a Makwinja kunawalowa m'makutu ngati madzi owira. Anaimirira, anapukuta manja pa epuloni, n'kunena kuti iwo ali ndi ntchito yeniyeni yowadikira, zidole azisewera nazo ana. Pampando umenewo sanakhaleponso.

Amene anakhalapo anali Stella, mtsikana wa ku Lupaso amene ntchito yake inali kupinda mapepala ndi kuphika tiyi. Iye anali atagwirako makina a taipi kusukulu, ndipo pasanapite nthawi zala zake zinayamba kuvina pamabatani. Tsamba limene a Makwinja ankalisanja kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, iye ankalimaliza tiyi asanazizire m'kapu. A Gondwe nawo anakakamira makina aakulu aja. Sukulu yawo inali yochepa kuposa ya a Makwinja, ndipo sankabisa. Ankamuimitsa mphunzitsi pa liwu lililonse n'kumati, "Yowoyani Chichewa, mwana wanga, ine Chizungu chinadutsa ndili kubusa." Anthu ankawaseka tsiku lililonse, iwo n'kumaseka nawo, inki ili mpaka m'ndevu. Pamene mphunzitsi ankabwerera kwawo, makinawo anali akumvera a Gondwe ngati ng'ombe zozolowera goli.

A Makwinja ankaona zonsezi ndi kumbali kwa diso. Tsiku lina anthu atapita kukadya, anasendera pakompyuta ili yozimitsa, n'kuyamba kufunafuna zilembo za dzina lawo pamabatani, akuzikhudza mopepuka ngati munthu woyesa ngati mphika wazizira. Anali atangopeza ziwiri pamene anamva mapazi pakhomo. Anatola kansanza n'kuyamba kupukuta tebulo, akung'ung'udza kuti ana a masiku ano sadziwa kusamala malo ogwirira ntchito.

Wolowayo anali Stella. Mtsikanayo ankawalemekeza a Makwinja, chifukwa ndiwo anamuphunzitsa kugwira pepala osalidetsa. Anapinda mawondo pang'ono n'kunena motsitsa mawu: "Adada, Loweruka masana kuno sikukhala munthu. Mubwere tidzakhale awiriwiri. Si chinthu chovuta chomene, inenso poyamba ndinkaopa." A Makwinja anamuyankha osatembenuka kuti iwo anayamba kusanja zilembo mayi ake asanathe msinkhu. Stella anati yewo, koma adzadikirabe.

Mawu a a Makwinja anali apakamwa chabe. Mumtima ankafunitsitsa, chifukwa maso anali nawo ndipo ankaona kumene mphepo ikulowera. Loweruka litafika anasamba, anavala jekete la kutchalitchi, n'kuyenda m'matope ofiira a Chiputula mpaka m'tauni. Atafika pangodya ya nyumbayo anaona pazenera Stella atakhala, pambali pake pali mpando wachiwiri wopanda munthu. Anaonanso njinga yamoto ya Percy itatsamira khoma. Mwina Percy anali atangolowa kudzatenga kanthu, mwina akanatuluka nthawi yomweyo. Koma a Makwinja anadziona m'maganizo atakhala ngati mwana wasukulu, akufunsa kamtsikana kophika tiyi tanthauzo la liwu, mwana wa abwana akumvetsera. Anakhotera kumsika, anaonetsa khadi la chipani kwa anyamata a pachipata, n'kumangozungulira pakati pa ogulitsa nthochi osagula kanthu, mpaka jekete linanyowa.

Mayi Alefa atawaona akulowa anadziwa kuti ulendo wafera m'njira. Anawayanikira jekete pafupi ndi mbaula, n'kudikira kuti ana atuluke. "Bambo a Lettie," anatero, "ngati chokuvutani ndi Chizunguchi, mwana wanu yemweyu akhoza kumakuwerengerani pang'onopang'ono kuno kunyumba. Angadziwe ndani?" A Makwinja anawayang'ana ngati awatukwana. Anati mwana amene anamubereka okha sangawaphunzitse, ndipo tsiku limene Lettie adzamve nkhani imeneyi, mayiwo adzalongedze katundu wawo. Nkhani inathera pomwepo, monga zinkathera nkhani zambiri m'nyumba imeneyo.

Kuntchito mabokosi a mtovu anayamba kuchita fumbi. Osanja zilembo anzawo awiri, amene anayesa makina atsopano koma mitu n'kukana, analandira malipiro awo otsiriza n'kubwerera kumidzi. A Makwinja anatsala okha pakona, akupatsidwa tintchito ting'onoting'ono tongowaphimba manyazi. Anasanduka mlosi wa tsoka. Ankauza aliyense kuti kabokosiko kadzapsa, kuti kamaononga maso, kuti Stella sadzabereka akapitiriza kukhala nako pafupi. Magetsi akazima ankayendayenda m'chipindamo manja ali kumbuyo, akuimba kamluzu. Koma magetsi ankabweranso.

Potsiriza a Chavula anawaitanira mu ofesi n'kutseka chitseko. Anawakumbutsa zaka zimene anagwira ntchito limodzi, kuyambira nyumbayo ili ya chipinda chimodzi. Anati makina atsopanowa akufuna munthu wokonza mbale zachitsulo zodindira, ntchito yofuna diso lakuthwa ndi dzanja losanjenjemera, ndipo palibe wina woyenera koposa iwo. Angopita ku Blantyre kukaphunzira miyezi yochepa, zonse alipira ndi a Chavulawo. A Makwinja anafunsa kuti kumeneko amaphunzitsa m'chilankhulo chanji. A Chavula anati m'Chingerezi, monga kwina kulikonse. Kenaka anawayang'anitsitsa.

"A Makwinja, tili awiri muno. Chenicheni chikukuvutani n'chiyani? Ndiuzeni, tione chochita."

Mawu oulula vuto lawo anafika pakamwa, anagunda mano. Anali mawu ochepa, oti mwana akhoza kuwanena ndi mpweya umodzi. A Chavula anali munthu woti akanamva, akanafuna womasulira, mwina akanadabwa pang'ono n'kuiwala. Koma a Makwinja anawameza. Anati palibe chowavuta, kungoti iwo ndi mmisiri, sangakalambire pantchito ya masewera. Anatsegula chitseko okha, ndipo kuti onse amve anakweza mawu: "Ndipatseni mtovu wangawo ndi makina akalewo ndizipita. Tsiku likubwera, mudzafika nokha pakhomo panga chipewa chili m'manja."

A Chavula sanayankhe mwaukali. Anawapatsa zonse ulere, ndi lole yomwe yonyamulira, ndipo anaima pakhomo mpaka loleyo inakhota.

A Makwinja anamanga kachisakasa ka matabwa kuseri kwa nyumba ku Chiputula, n'kulemba dzina lawo pachitseko. Miyezi yoyamba zinkaoneka ngati ziyenda. Anzawo akumwera a kutchalitchi ankabweretsa ntchito chifukwa cha chibale, ndipo a Makwinja ankayenda chifuwa chili patsogolo. Koma chibale sichidinda maluwa pakhadi. Akwati anayamba kufuna makhadi okhala ndi nkhunda ndi mphete, ena ndi chithunzi chawo chomwe, ndipo ankafuna kuwatenga mawa lake. Kwa a Chavula zonsezo zinkatheka, pamtengo wotsika. Zilembo za mtovu nazo zimakalamba ngati mano: A anabenthuka, E anafafanizika, ndipo ozipanga anali atasiya kalekale. Makasitomala aja anayamba kudzera njira ya kuseri kwa mjigo, ndipo akakumana nawo Lamulungu ankapereka moni wautali wopanda nkhani.

Uko m'tauni nyumba ya a Chavula inkangokula. Analemba atsikana ena olemba pakompyuta, dalaivala wopereka katundu ku Rumphi ndi ku Nkhata Bay, ndi mmisiri wokonza makina akafa. Ntchito ya mbale zachitsulo ija anaitenga munthu wina wa ku Karonga. Amene analowa anali ochuluka kuposa amene anatuluka, kungoti sanali anthu omwewo.

Tsiku lina masana a Makwinja anamva belu la njinga, kenaka mawu a a Gondwe akuti monire kwa mayi Alefa panja. Mofulumira anadzipaka inki m'manja, anaika mapepala akale pamakina n'kuyamba kupukusa, kuti mlendo apeze phokoso la ntchito. A Gondwe analowa atanenepa, atavala ovolosi yatsopano. Anakhala pabokosi, maso awo anaima pa ukonde wa kangaude umene unalumikiza mabokosi a zilembo ndi denga. Anati atumidwa. Kukufunika woyang'anira kudula mapepala ndi kusoka mabuku, ntchito ya manja ndi maso, yopanda Chizungu ndi pang'ono pomwe, ndipo a Chavula anena kuti Makwinja angobwera, chitseko sichinatsekedwe.

Liwu lakuti Chizungu linawabaya a Makwinja ngati minga ya m'nsapato. Anazindikira kuti uko m'tauni anthu akhala akuwakambirana, ndipo afika pafupi ndi choona.

"Mukuona nokha, ntchito yandichulukira," anatero osaleka kupukusa.

"Akulu," anatero a Gondwe, "ine anandiseka mpaka kuseka kunawathera. Kusekedwa sikutupitsa thupi. Lero ana anga akudya. Za chipewa zija palibe amene akuzikumbukira, mukuzisunga ndinu nokha."

A Makwinja anapitiriza kupukusa mapepala awo akale mpaka mlendo anatsanzika.

Chaka chomwecho Lettie anasankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko, mtsikana yekhayo wosankhidwa m'kalasi mwawo. Anthu anabwera kudzayamika, koma m'nyumbamo munalibe ngakhale chogulira bulangete, osanena za fizi. Mandasi amene mayi Alefa anayamba kugulitsa ankangokwanira ufa ndi lendi. Mayiwo anagwada pamaso pa amuna awo n'kupempha kuti ngati iwo akuchita manyazi, awalole apite okha kukalankhula ndi a Chavula. A Makwinja anati mkazi wawo sakapemphetsa pakhomo pa munthu, njira aipeza. Ankatuluka m'mawa kukaifuna njirayo m'maofesi ndi m'masukulu, akufunsa ngati pali chosindikiza, koma kulikonse ankawauza kuti anapereka kale kumunsi kwa msika. Sukulu zinatsegulidwa, masabata anapita, ndipo malo a Lettie anapatsidwa kwa mwana wina.

Mtsikanayo sanalire pamaso pa bambo ake. Ankatunga madzi, ankakazinga mandasi ndi mayi ake, ndipo mabuku ake anawapatsa ana a anansi. Patapita miyezi, mayi wina wa kutchalitchi amene ankasamukira ku Lilongwe anamupempha kuti akamulerere ana. A Makwinja anamuperekeza kudepoti atamunyamulira kachikwama. Basi ili pafupi kunyamuka, Lettie anawayang'ana n'kunena mofatsa: "Adada, ine ndinadziwa kalekale. Malipoti anga a kusukulu munkawagwira nthawi yaitali, kenaka mumati ndikuwerengereni chifukwa maso akuwawa. Mukanangonena, ndikanakuphunzitsani, ndipo sindikanauza munthu."

Anakwera. A Makwinja anaima pamenepo mpaka utsi wa basi unatha. Chinthu chimene anataya nacho tsogolo la mwana wawo pofuna kuchibisa chinali chitaonekera kale, ndipo amene anachiona sanasiye kuwakonda.

Munthu angaganize kuti apa ndiye anadzuka n'kuthamangira kwa a Chavula. Koma manyazi ali ngati chitedze, ukakanda m'pamene chimayabwa kwambiri. Poyamba ankabisa Chingerezi chokha. Tsopano anali ndi zambiri zobisa: chisakasa chopanda ntchito, nsapato zong'ambika, ndi mwana wanzeru amene akutsuka matewera a ana a eni. Kulikonse kumene angapite ankaona ngati nkhani zonsezi zalembedwa pamphumi pawo.

Kenaka kunabwera amuna awiri a ku Nkhata Bay amene anamva kuti ku Chiputula kuli mtovu woti akhoza kusungunula n'kumalemetsera maukonde. A Makwinja anavomera mtengo osatsutsa. Anaima pakhomo akuonerera anthuwo akukhuthulira mabokosi m'matumba, zazikulu ndi zazing'ono, zonse pamodzi ngati nyemba, zilembo zimene moyo wawo wonse sanalole kuti ngakhale chimodzi chigwere m'bokosi la chinzake. Makina opukusa aja anatengedwa ndi okhoma mbaula.

Mayi Alefa anapirira dzinja limodzi. Kenaka ananena, popanda mkwiyo, kuti kwawo ku Chiradzulu munda wa mayi awo ukungomera tchire, ndipo ana ang'onoang'onowa akhoza kukadya kumeneko. Anapempha kuti apite onse. A Makwinja anati atsogole, iwo atsatira akakonza zinthu. Zoona zake zinali zakuti kumudzi ankawadziwa ngati mmisiri wotumiza shuga ndi nsalu pa Khirisimasi, ndipo kubwerera chimanjamanja kukakhala pakhomo pa apongozi sakanatha. Atawakweza basi anasamukira m'kachipinda kamodzi ku Ching'ambo, kumene sankadziwika, n'kumakhalira maganyu olima m'madimba a anthu.

Njala ndi imene inawakoka potsiriza. M'mawa wina anatsikira kumunsi kwa msika. Nyumba ija anaipeza itakula, yopakidwa penti, m'kati muli phokoso la makina amene sanawaonepo. A Chavula anali atadwala n'kubwerera kwawo ku Rumphi, ndipo pampando wawo panali Percy. Anawalandira mwaulemu, anawaitanitsira tiyi, ndipo a Makwinja, maso ali pansi, anafunsa za ntchito yodula mapepala ija. Percy anati bambo ake anaisunga nthawi yaitali, koma kenaka anagula makina odula okha, ndipo wowayendetsa alipo kale.

"Zinthuzi sizikuima, adada," anatero Percy. "A Stella panopa ali ku Blantyre, akuphunziranso, chifukwa kompyuta ija yakalamba kale. Kutsogoloku makina adzatisiyira chiyani, inenso sindikudziwa. Tonse tikungothamanga kuti asatisiye."

Kenaka anati pali kantchito kamodzi. Lole ya mapepala imabwera kawirikawiri, ndipo pamafunika munthu wotsitsa mitolo ndi kuisanja mosungira katundu. Malipiro ndi ochepa koma osadukiza, ndipo masana antchito amadya pomwepo. Akhoza kuyamba mawa.

A Makwinja anathokoza, anati abwera. Potuluka anadutsa pakati pa antchito. Ambiri sanawadziwe, koma akale aja anasiya zimene ankachita n'kuimirira, ena n'kuwapatsa moni ndi manja awiri monga kale. Ulemu umenewo ndi umene unawamaliza. Anadziona atasenza mtolo pamutu, thukuta lili kamukamu, akudutsa pamaso pa anthu omwewo. Mawa lake anadzuka m'mamawa, anamanga nsapato, anakhala pamphasa kuyang'ana chitseko mpaka dzuwa linakwera. Sanapite.

Inali nyengo yozizira, pamene Mzuzu amadzuka atafunda nkhungu ndipo mphepo imalowa mpaka m'mafupa. A Makwinja anayamba kutsokomola. Mwini nyumba, mayi wina wamasiye, anawafunsa kangapo ngati ali ndi abale kapena anzawo m'tauni oti awauze. Iwo ankati ali bwino, ndi chimfine chabe. A Gondwe ankakhala kutsidya kwa dambo chabe, ndipo chipatala sichinali kutali. Koma a Makwinja sankafuna kuti munthu wowadziwa aone mphasa imene ankagonapo ndi mbale yawo imodzi. Mayi uja akawabweretsera phala ankalandirira pakhomo, n'kunena kuti adya kale koma alisunga. Chitseko chinayamba kutseguka mochedwa. Kenaka tsiku lina sichinatseguke.

Anawaika m'manda anthu a kutchalitchi ndi antchito a kwa a Chavula, amene tsiku limenelo anazimitsa makina awo onse. Mayi Alefa anafika manda atakwiriridwa kale, ndipo Lettie uthenga unamupeza mochedwa kuposa pamenepo. Pobwerera kumanda anthu ankakambirana m'njira, ena akuti makina ndiwo amupha mmisiri uja. M'mawu awo munali choona, pakuti makinawo anadyadi ntchito yake monga anadyera za ena ambiri, ndipo sanakhute, adzadyabe za ana ndi za adzukulu. Koma pamene ankatseka khomo limodzi, makomo ena ankatseguka pambali, anthu ataima m'mbali akuwakodola a Makwinja kuti alowe. Chimene chinawatsekera kunja chinali timawu tochepa timene lilime lawo linakana kunyamula: sindikudziwa, ndiphunzitseni. Akuluakulu sananame pamene anati mbewa yamanyazi idafera kuuna.